Mmene mungathandizire mwana kusanja zamoyo m'maufumu asanu

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali Fomu 2, anafika pakhomo tsiku lina nkhope ili ndwii. Pamayeso a sayansi anafunsidwa gulu la zamoyo limene bowa alimo, iye n'kulemba kuti bowa ndi chomera, aphunzitsi n'kumuthetha. "Agogo," anatero akundionetsa pepalalo, "bowa amamera m'nthaka, sayenda, ndipo ku Mbare Musika amamugulitsa pambali pa repu ndi tomato. Nanga ndalakwa pati?"

Sindinamudzudzule, chifukwa ngakhale akatswiri anakhala zaka zoposa 200 akuyankha chimodzimodzi. Chimene chinandikhudza n'chakuti mwanayu amatchula pamtima maina asanu aja a magulu a zamoyo, Monera, Protista, Fungi, Plantae ndi Animalia, koma mukamuikira chinthu m'manja amasowa poyambira. Ana athu kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amalankhula Chichewa m'nyumba, Chishona pamsewu, Chingerezi m'kalasi, ndipo sayansi imawafikira m'chilankhulo chachitatucho ngati nyimbo yongoloweza. Ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri ndisanapume pantchito, ndipo ndinaona kuti mwana akamvetsa nkhani m'chilankhulo chimene amapemphera madzi akumwa, Chingerezi cha pamayeso a ZIMSEC, bungwe loona za mayeso m'dziko muno, sichimuopsanso. Nayi tsono njira imene ndinayenda naye kwa milungu iwiri. Kholo lililonse lingaitsate, ngakhale limene silinapondepo mu labu.

Gulu lililonse mwa asanu aja mabuku amalitchula kuti kingdom, ndiye kuti ufumu. Ganizani za mafumu asanu, iliyonse ndi anthu ake, ndipo chamoyo chilichonse chiyenera kulembedwa m'kaundula wa mfumu imodzi basi. Poyamba maufumuwa anali awiri. Mu 1735 Carl Linnaeus wa ku Sweden anagawa zamoyo kukhala zomera ndi nyama. Koma panali tizamoyo tosaoneka ndi maso, timene Antonie van Leeuwenhoek wa ku Netherlands anationa m'madontho a madzi cha m'ma 1670, ndipo timeneti tinkakana kukhazikika mbali iliyonse. Ernst Haeckel wa ku Germany anakhazikitsa ufumu wachitatu wa Protista mu 1866. Mu 1969 Robert Whittaker wa ku America anabweretsa maufumu asanu amene ali m'mabuku a ana athu lero, bowa atapatsidwa ufumu wakewake chifukwa cha kadyedwe kake. Pamenepa ndiye pagona nkhani yonse. Sitisanja chamoyo poona nkhope yake, malo amene chimapezeka kapena mphika umene timachiphikira. Timafunsa mmene thupi lake linamangidwira ndiponso mmene chimapezera chakudya.

Yambani ndi lichero, buku libwere pambuyo

Tengani lichero kapena katoni, muzungulire pakhomo limodzi ndi mwanayo. Ife tinatola tsamba la chimanga, anyezi mmodzi, nyongolotsi ya m'dimba, nkhono, chiwala, kapaketi ka yisiti, chambiko chotsala m'kapu, bowa wogula pamsika, phata la mtedza limene tinalizula ndi mizu yomwe, ndi madzi obiriwira a m'chithaphwi amene tinawatungira m'botolo. Nyengo yabwino ndi dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene bowa amadzaza m'misika ndi m'mphepete mwa misewu yotuluka mu Harare.

Pali chinthu chimodzi chofunika kukonzeratu. Dulani chidutswa cha buledi, muchiwaze timadzi, muchiike m'pepala lapulasitiki loonekera mkati, mumange bwino n'kuchisiya pamalo amdima, ofundirapo. Pakatha masiku anayi kapena asanu mudzapeza chuku chitayala ngati thonje, timadontho takuda tili pamwamba. Pepalalo musalimasule. Mwana azionera kunja, chifukwa fumbi la chuku si labwino kulipuma.

Kenako tsegulani kope pamasamba awiri oyang'anizana. Kumanzere lembani dzina la chinthu chilichonse, m'Chichewa momwemo. Jambulani mizati ya mafunso amene akubwerawa, ndipo mzati womaliza ukhale wa dzina la ufumu. Lamulo langa ndi limodzi: mzati womalizawo sulembedwa mpaka ina yonse itadzaza. Ana amathamangira yankho. Ndinauza mdzukulu wanga kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo poti nkhono inali pompo palichero, tinakhaladi chete mpaka inatulutsa tinyanga take, timaso tili kunsonga.

Funso loyamba: kodi n'chamoyo?

Apa musachedwepo. Chamoyo chimadya, chimapuma, chimakula, chimabereka, chimataya zoipa za m'thupi, chimamva zimene zikuchitika pozungulira, ndipo thupi lake ndi lomangidwa ndi maselo. Moto umadya nkhuni ndipo umakula, koma ulibe maselo. Njere ya chimanga youma m'thumba ndi yamoyo, ikungogona podikira mvula. Ufa wochokera kuchigayo sudzameranso.

Chopunthwitsa pano ndi mavairasi, monga HIV, wa chikuku ndi wa Covid-19. Alibe maselo, sadya, ndipo sangachulukane pokhapokha atalowa m'selo la chamoyo china n'kuligwiritsa ntchito. N'chifukwa chake sali mu ufumu uliwonse mwa asanuwa. Mwana akafunsidwa, ayankhe zomwezo mosaopa.

Funso lachiwiri: kodi selo lake lili ndi nyukiliyasi?

Maselo ndi tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo, monga mmene njerwa zimapangira nyumba. M'selo mumakhala malangizo a kapangidwe ka chamoyocho, otchedwa DNA. M'zamoyo zambiri malangizowa amasungidwa m'kathumba kotsekedwa kotchedwa nyukiliyasi, ngati ndalama zimene amayi amamanga pansonga ya nsalu. Koma m'mabakiteriya mulibe kathumba kameneka, DNA imangokhala poyera m'kati mwa selo. Chamoyo chilichonse chopanda nyukiliyasi chimapita ku Monera, amene mabuku ena amalemba kuti Prokaryotae, ndipo simufunsanso funso lina. Maufumu anayi otsalawo onse ndi a maselo okhala ndi nyukiliyasi.

Ndinene mosabisa kuti funso ili silingayankhidwe ndi maso okha. Ngati kusukulu kuli maikulosikopu, mwana apemphe aphunzitsi kuti aonepo kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyezi, atakadonthezera ayodini. Adzaona tizipinda tondandalikana ngati njerwa pakhoma, kalikonse kali ndi kadontho kamodzi. Kadontho kameneko ndiye nyukiliyasi, ndipo mwana amene wakaona kamodzi sakaiwala. Mabakiteriya ndi aang'ono kuposa pamenepo. Bakiteriya aliyense ndi selo limodzi lokha, ndipo mutawandandalika 1,000 pamzere angokwana milimita imodzi kapena ziwiri.

Pakhomo tsono timawadziwira kuntchito zawo. Mkaka umene wasanduka chambiko, ndi mabakiteriya amene adya shuga wa mumkakamo n'kuuwawasa. Thobwa, kapena mahewu monga amanenera anzathu kuno, limawawasa mwa njira yomweyo likagonera. Umboni umene ndimaukonda koposa uli pamizu ya mtedza. Itsukeni bwino mizuyo, muona timibulu tozungulira titamatirira. Dulani kamodzi ndi lezala. Ngati m'kati muli mofiirira, muli mabakiteriya otchedwa Rhizobium amene ali pantchito yotenga nayitrojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha m'nthaka chimene chomera chingagwiritse ntchito. Makolo anga atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno, mzinda uno ukadali Salisbury, sanasiye kudzala nyemba m'kati mwa chimanga pakamunda kawo. Dzina la Rhizobium sankalidziwa, koma ankadziwa kuti nthaka yodzalidwa nyemba siguga msanga.

Mbali yowawa ya ufumu umenewu ife a mu Harare timaidziwa bwino. Kolera wa mu 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo anasautsa kwambiri ku Budiriro, anayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Vibrio cholerae, woyenda m'madzi oipitsidwa ndi chimbudzi. Chifuwa chachikulu cha TB nachonso n'cha bakiteriya. Komabe mwana amve kuti oyambitsa matenda ndi ochepa. Ambiri amaoletsa zinyalala, amakonza nthaka, ndipo ena akukhala m'matumbo mwathu mwamtendere.

Funso lachitatu: chimadya bwanji?

Ili ndilo funso lalikulu, ndipo ndi limene mungaliyankhe ndi maso anu. Njira zodyera zilipo zitatu: kudzipangira chakudya, kumeza, ndi kuyamwa.

Chomera chimadzipangira chokha. Chimatenga madzi m'nthaka ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa chimapanga shuga m'masamba. Chimene chimagwira kuwalako ndi kulorofilo, chinthu chobiriwira cha m'masambamo. Kuti mwana akhulupirire, dzalani nyemba m'zitini ziwiri. Chimodzi muike pawindo, china mutsekere m'kabati, ndipo zonse muzizithirira mofanana. Pakatha masiku khumi, nyemba ya m'kabati idzakhala yaitali, yoonda, yachikasu, ndipo chakudya cha m'njere chikatha idzafa, ngakhale mutaithira feteleza. Feteleza ndi manyowa zili ngati mchere wa m'ndiwo. Nsima yeniyeni chomera chimaphika chokha padzuwa. Onjezani mfundo ziwiri m'kope: chomera chili ndi maselo ambiri, ndipo selo lililonse lili ndi khoma lolimba la selulozi, chinthu chomwecho chimene chimapanga thonje ndi pepala. Zimenezi zikakwanira, ufumu ndi Plantae, kaya ndi mtengo wa msasa, jakaranda wa m'misewu ya m'tauni, kapena namasupuni amene amayandama pa Lake Chivero osakhudza nthaka, yemwe uja anasautsanso asodzi pa Shire kumudzi. Ngakhale kaufiti, amene amalowetsa mizu yake m'mizu ya chimanga n'kumaba madzi ndi chakudya, ndi chomera ndithu. Ali ndi masamba obiriwira, maluwa ofiira, njere ndi makoma a selulozi. Kuba sikumusamutsa mu ufumu wake.

Nyama imameza. Imalowetsa chakudya m'thupi n'kuchigaya m'kati. Ili ndi maselo ambiri, koma maselowo alibe khoma, n'chifukwa chake mnofu ndi wofewa. Vuto pano limachokera m'chilankhulo chathu chomwe. Ife tikati nyama timaganiza mbuzi, ng'ombe, gwape kapena mbewa. Palibe amene amatchula udzudzu kuti nyama. Timati kachilombo, ndipo mawu omwewo timatchulira nsabwe, bakiteriya wa kolera ndi vairasi ya HIV, zinthu zitatu zosiyana kutalitali. Muuzeni mwana kuti Animalia ndi mudzi waukulu: muli nsomba, mbalame, achule, njoka, mileme, ziwala, ngumbi, bongololo, nyongolotsi ndi nkhono ija. Mulinso tinyongolotsi toyambitsa likodzo, timene timakulira mu nkhono za m'madzi tisanalowe pakhungu la munthu. Ndipo mulinso munthu. Agogo ake aakazi a mwanayu atamva zimenezi anati, "Ine si nyama ayi." Ndinawayankha kuti kaunduladu ameneyu amangonena za kamangidwe ka thupi, maselo opanda khoma ndi mimba yogaya chakudya. Za ulemu wa munthu ndi mzimu wake sazikhudza.

Tsopano bowa. Bwererani ku buledi uja. Chuku chilibe pakamwa, chilibe masamba, ndipo chamera mumdima wa ndiweyani mmene nyemba ija inafera. Nanga chikudya bwanji? Yang'anitsitsani, muona kuti thonje lija ndi tiulusi tambirimbiri tolowa m'buledi. Tiulusiti timatulutsa madzi ogaya chakudya, chakudyacho chimasungunukira kunja kwa thupi, kenako timachiyamwa. Nyama imameza kaye n'kugaya pambuyo. Bowa amagaya kaye n'kuyamwa pambuyo. Umenewu ndiwo ufumu wa Fungi.

Bowa amene timazula m'tchire ali ngati chipatso chabe. Thupi lenileni ndi tiulusi tomwe tija, tobisika m'nthaka kapena m'chipika choola, ndipo timakhalamo chaka chonse. Mvula ikagwa timatukula chisoti chija kuti chimwaze mbewu zake, zimene si njere koma fumbi losalala kwambiri. Mukhoza kulionetsa fumbili. Dulani tsinde la bowa wokhwima, muvundikire chisoti chake papepala, mizere ija itayang'ana pansi, muphimbe ndi kapu n'kusiya usiku wonse. M'mawa mudzapeza chithunzi cha mizereyo chitajambulidwa ndi fumbi. Ngati bowayo ali ndi mizere yoyera gwiritsani pepala lakuda, ngati ndi yakuda pepala loyera.

Maselo a bowa ali ndi khoma, koma si la selulozi. Ndi la chitin, chinthu chomwecho chimene chimalimbitsa chigoba cha chiwala ndi cha nkhanu. Chomera chimasunga chakudya chotsala monga sitalichi, pamene bowa amasunga monga glycogen, mofanana ndi chiwindi chathu. Malemu agogo anga ankati bowa ndi nyama ya m'dzinja, ponena za kukoma kwake. Ndimasangalala kuuza ana kuti akatswiri atafufuza DNA anapeza kuti bowa ndi wachibale wapafupi wa nyama kuposa wa zomera.

Zinthu ziwiri zimene tonse tinaziona zimamveka bwino mukadziwa kadyedwe aka. Bowa wa ndelema, amene Ashona amati nhedzi, amamera m'nkhalango za misasa ngati ya ku Mukuvisi Woodlands, ndipo simungamudzale m'dimba. Tiulusi take timakulunga mizu ya mitengoyo, mtengo umapereka shuga, bowa amathandiza mtengo kupeza madzi ndi michere ya m'nthaka. Nkhalango ikadulidwa ndelema amatha nayo. Bowa wa pachulu naye ali ndi mwini wake. Chiswe chimamulima m'kati mwa chulu pa udzu ndi timitengo timene chatafuna, iye n'kumafewetsa zolimbazo kuti chiswe chidye. Chulu chimodzi, maufumu awiri akudyetsana.

Yisiti imasokoneza ana chifukwa ndi selo limodzi lokha, ndiye amaithamangitsira ku mabakiteriya. Koma ili ndi nyukiliyasi, imayamwa chakudya, ndipo ndi ya ku Fungi. Kuti aone kuti ufa wa m'kapaketiwo ndi wamoyo, thirani supuni imodzi ya yisiti ndi masupuni awiri a shuga m'botolo la madzi ofunda, osati otentha, muveke chibaluni kukamwa kwa botololo. Lisanathe ola chibaluni chidzayamba kufufuma ndi mpweya womwe uja umafufumitsa mandasi. Chipere cha m'mutu mwa ana nachonso ndi bowa amene amadya pakhungu, ngakhale dzina lake la Chingerezi, ringworm, limanena za nyongolotsi, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba sachichiza. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino ndi cha mu ufumu womwewu, ndipo china chimatulutsa poizoni woononga chiwindi.

Apa ndiime kaye ndichenjeze. Kudziwa kuti chinthu ndi bowa sikukuuzani kuti n'chodyedwa. Pali bowa wakupha wofanana kwambiri ndi ndelema, ndipo dzinja silidutsa osamva za mabanja amene agonekedwa m'chipatala. Safunsa anadya phula. Bowa amene mwana watola kuti aphunzirirepo asalowe mumphika, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo.

Zotsala zimapita ku Protista

Mukapeza chamoyo chokhala ndi nyukiliyasi, kawirikawiri cha selo limodzi, chimene sichikukwanira kukhala chomera, nyama kapena bowa, malo ake ndi Protista, kapena Protoctista m'mabuku ena. M'madzi a m'chithaphwi aja mumakhala totere tambiri, ndipo dontho limodzi pa maikulosikopu limachita kutakataka. Amoeba amayenda mosintha thupi n'kumakulunga chakudya ngati nyama. Euglena ndi wobiriwira, amapanga chakudya padzuwa ngati chomera, komanso amasambira ndi kamchira. Ameneyu ndi mtundu wa tizamoyo tija tinasowetsa mtendere magawo awiri a Linnaeus.

Chitsanzo chimene mwana wa banja lachimalawi sangachiiwale ndi malungo. Harare ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo malungo si ofala kuno. Koma amene timapita kumudzi kudzera pa Nyamapanda ndi Tete timawadziwa. Funsani mwana kuti pa nkhani ya malungo pali zamoyo zingati. Pali munthu, nyama. Pali udzudzu waukazi wa Anopheles, nyamanso. Ndiye pali kachilombo kenikeni koyambitsa matendawo, Plasmodium, ka selo limodzi lokhala ndi nyukiliyasi, ka ku Protista. Udzudzu umangokanyamula.

Kwa ine ufumu umenewu ndiwo wofooka pa onse asanu. Uli ngati chipinda chimene timaponyamo katundu wosowa pomuika, ndipo akatswiri amavomereza kuti zili mmenemo si za fuko limodzi. Ndi bwino mwana adziwe zimenezi, kuti asamadzione ngati mbuli pamene zamoyo za mmenemo zikuoneka zosafanana.

Adziwenso kuti chiwerengero cha maufumu si chosemedwa pamwala. Mu 1977 Carl Woese wa ku America anapeza kuti zamoyo zopanda nyukiliyasi zili m'magulu awiri osiyana kwambiri: mabakiteriya enieni, ndi ena otchedwa Archaea, amene amapezeka m'akasupe otentha, m'madzi amchere wambiri ndi m'mimba mwa ng'ombe mmene amatulutsa mpweya wa methane. Mu 1990 iye ndi anzake anaika zamoyo zonse m'zigawo zitatu zazikulu, Bacteria, Archaea ndi Eukarya, chimene ndi chigawo cha zamoyo zonse zokhala ndi nyukiliyasi. N'chifukwa chake mwana akafufuza pa intaneti adzapeza ena akunena za maufumu asanu ndi umodzi. Pamayeso atsate buku la kalasi yake. Ndipo polemba yankho asangotchula dzina la ufumu, aperekenso zifukwa ziwiri kapena zitatu zochokera m'mizati ija, mwachitsanzo: bowa ali mu Fungi chifukwa alibe kulorofilo, amayamwa chakudya chogayidwira kunja, ndipo makoma a maselo ake ndi a chitin.

Muyeseni ndi ndere

Kope litadzaza ndinafuna kuona ngati njirayi yamulowadi, ndiye ndinamupatsa mawu amodzi a Chichewa: ndere. Ife chilichonse chobiriwira, choterera kapena chomatirira pamwala timati ndere. Ndinamuuza kuti andipezere ndere zamitundumitundu, iliyonse aidutsitse m'mafunso aja mwandondomeko yake.

Yoyamba anaipala kuseri kwa bafa, pakhoma limene siliuma m'dzinja. Ndi yofewa ngati kapeti, ndipo mukaiyang'ana pafupi ili ndi timitengo ndi timasamba ting'onoting'ono. Maselo ambiri, yobiriwira, yodzipangira chakudya. Chimenecho ndi chomera, ngakhale sichichita maluwa kapena njere. Plantae.

Yachiwiri anaivuula ndi kamtengo m'ngalande: ulusi wautali wobiriwira, woterera ngati therere. Ilibe mizu, tsinde kapena masamba, ndi maselo ofanana ongolumikizana pamzere. Mabuku a kusukulu amaitchula Spirogyra ndipo amaiika ku Protista.

Yachitatu sitinakaitunge, ndipo musatume mwana kukaitunga. Ndi ija imayandama pa Lake Chivero ngati penti wobiriwira wotayikira pamadzi, makamaka nyengo yotentha. Mdzukulu wanga anati, "Agogo, ndi yobiriwira ndipo imapanga chakudya padzuwa, ndiye ndi chomera kapena Protista." Ndinamufunsa kuti funso lachiwiri walisiya kuti. Tizamoyo timeneti, totchedwa cyanobacteria, timapangadi chakudya padzuwa, koma maselo ake alibe nyukiliyasi. Ndi mabakiteriya, a ku Monera, ndipo ichi ndicho chifukwa chake funso la nyukiliyasi limabwera patsogolo pa funso la kadyedwe. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amachulukana chonchi chifukwa zonyansa za m'masuweji a mzinda uno zimathera m'nyanjayi n'kukhala ngati feteleza wawo, ndipo ena amatulutsa poizoni. Kumapeto kwa 2024 zipembere zinayi ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi a mmenemo. Imeneyi ndi nyanja imene Harare imatungako madzi akumwa, ndipo ndinafuna kuti mwanayu adziwe kuti zimene akuphunzirazi zimafika mpaka pampopi wa pakhomo pathu.

Yachinayi tinakaiona Loweruka, titakwera kombi kupita ku miyala yosanjikizana ya ku Epworth. Pamiyala imeneyi pali zigamba zotuwa, zachikasu ndi zofiirira, zouma gwa, zomatirira ngati zipsera. Anapala kachidutswa ndi chikhadabo, anakathira dontho la madzi a m'botolo lathu, ndipo patapita kanthawi kanayamba kuoneka kobiriwirako. Anatsegula kope pabondo n'kuyamba mafunso. Chili ndi tiulusi ngati bowa, komanso chili ndi zobiriwira ngati chomera. Anakhala nthawi yaitali pensulo ili pakamwa. Kenako ndinamufotokozera kuti pamenepa pali zamoyo ziwiri zokhala thupi limodzi: bowa amene amamanga nyumba, kugwira mwala ndi kusunga chinyezi, ndi timaselo tobiriwira ta ndere timene timakhala pakati pa tiulusi take n'kumaphika chakudya cha onse awiri. Pa Chingerezi amati lichen, ndipo akatswiri amaitchula dzina potengera bowayo. Mumzati womaliza mdzukulu wanga analemba maina awiri, Fungi ndi Protista, ndipo ine ndinangotenga pensulo n'kudula mzere pansi pa Fungi.